RunX yathu ikukwera kalasi

Funso lomwe timalandira kwambiri pa Kamuzu Road kuno ku Salima, kaya kwa akabaza, kaya kwa anyamata ochapa magalimoto, olo azibambo akuluakulu ongodutsa pa galaja, ndi limodzi basi: kodi imeneyi ikumafika zingati pa sipido? Ndimawamvetsa, chifukwa munthu ukaona galimoto yopanda mipando yakumbuyo, mkati muli zitsulo zopingasana, ekizozi ikubangula, maganizo amathamangira ku liwiro. Koma kunena mosabisa, pa ndalama zonse zomwe tathira pa Toyota RunX yathu ya mpikisanoyi chiyambire tsiku lomwe tinagwirizana zokwera kalasi kukalowa rally, zopita ku liwiro ndi zochepa. Zambiri zapita ku zinthu zoti galimoto isasweke panjira, isatenthe, ndipo ikagubuduka anthu awiri tili mkatimo tituluke ndi miyendo yathu.

Ndife kagulu ka pachibale ndi anzathu ochepa. Achimwene ndi amene amayendetsa, ine ndimakhala kumanzere kwawo ndi buku la manotsi ndi wotchi, amalume ndiye makaniko wamkulu ndipo galaja ndi yawo, alamu amasunga buku la ndalama, kenako pali mnyamata wowotcherera yemwe anaphunzira ntchito zamanja ku Salima Technical College ku Senga Bay kuja. Palibe amene amadya za mpikisano, aliyense ali ndi kwake komwe amapezera ufa. Mpaka pano takhala tikulowa timipikisano ta tsiku limodzi, pa bwalo la fumbi, galimoto imodzi imodzi, mphindi ziwiri zitatu wamaliza, wotchi ndiye woweruza. Injini inali yake yobwera nayo kuchokera ku Japan, 1NZ-FE ya 1496cc, yomweyi ili mu ma Vitz ena, ma Sienta ndi ma Probox omwe adzaza mumsewumu. Pa mipikisano yaifupi ngati imeneyo galimoto siifika potopa, mashoki satentha, mabuleki satentha, chikathyoka china mumangoikankhira pamthunzi n'kumakonza mukumwa Fanta.

Chomwe tikufuna tsopano ndi rally yeniyeni, ya masiteji, zigawo za msewu zomwe mumathamanga akukuwerengerani nthawi, kwa anzathu ku Zambia komwe masewerawa ali ndi mizu. Kumeneko ndi kwawo kwa Satwant Singh yemwe anatenga ukatswiri wa Africa kasanu ndi katatu. Tikufuna kalasi ya magalimoto okoka ndi matayala awiri, injini yosapitirira 2000cc. Rally yotere imatenga masiku awiri kapena kuposa, masiteji ena amapitirira makilomita 20 osapuma, pakati pa siteji ndi siteji mumayenda mumsewu wa aliyense motsata malamulo a pamsewu, ndipo makaniko amaloledwa kugwira galimoto pamalo amodzi okha kwa mphindi zowerengeka. Ndi masewero ena ndithu, olo galimoto ikuoneka yomweyo.

Mkangano woyamba unali wa turbo. Achimwene anabwera atatenthedwa ndi mavidiyo a pa YouTube, akuti "Amalume, bwanji tingomanga turbo pa injini yomweyi, anyamata ku Lilongwe akuchita zimenezi ndipo zikuuluka." Amalume sanayankhe nthawi yomweyo, anapitiriza kupukuta manja ndi kansanza kenako anayang'ana ine, "Mphwanga, tawerenga kaye bukulo, likuti chani za turbo." Nde m'malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, omwe mabungwe a mipikisano m'mayiko ambiri amatengerako, injini ya petulo ikakhala ndi turbo kukula kwake amakuchulukitsa ndi 1.7. Kutanthauza kuti ka 1496cc kathu kaja kamawerengedwa ngati 2543cc, tadumpha kale malire a 2000, tikukaima mzere umodzi ndi ma injini akuluakulu pomwe ife tili ndi giyabokosi yopangidwira kupita kumsika. Ndiponso turbo ndi moto, imafuna intakula, imafuna kompyuta ina, mapisitoni a 1NZ sanapangidwire zimenezo. Nkhani inathera pomwepo, achimwene anakwiya masiku angapo koma anadzavomera okha.

Tinasankha 2ZZ-GE, ya 1796cc, yomwe Toyota anapanga mothandizana ndi Yamaha. Ubwino wake ndi woti injini imeneyi inkabwera mu RunX yomweyi ya mtundu wa Z, komanso mu Celica, ngakhale Lotus Elise anaigwiritsako ntchito, nde zomangira zake zimakhala pamalo pake popanda kudula kapena kupeka. Ya ku Japan amaiwerengera mahosipawa 190, pomwe yathu yakale inali cha m'ma 109. Tinagula hafukati, mutu wonse wa galimoto ndi giyabokosi yake ya magiya 6, mawaya onse ndi kompyuta, inabwera pa lole kudzera Dar es Salaam, Songwe, n'kutsika ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja, Dwangwa, Nkhotakota mpaka kuno. Amene mukuganiza zosintha injini, ndikuuzeni, gulani hafukati osati injini yokha, mawaya opeka pamanja ndi amene amazimitsa galimoto pakati pa tchire popanda wodziwa chifukwa.

Injini imeneyi ili ndi khalidwe lake. Pansi pa 6000 rpm ndi yofatsa, siisiyana kwenikweni ndi Corolla wamba, koma ikafika cha pamenepo kamu imasinthira ku mbali yake yaikulu, anthu amati lift, mawu amasintha ndipo imakoka mpaka kupitirira 8000. Ntchito ya dalaivala ndi kuisunga m'mwambamo, ukasintha giya mofulumira wagwa pansi pa lift ndipo masekondi akupita. Ilinso ndi matenda awiri odziwika. Ma injini a zaka zoyambirira timabawuti tiwiri togwira shafti ya ma rocker timadyeka n'kuthyoka, lift imangosowa, nde tinasinthiratu injini isanalowe. Kachiwiri, pa kona yaitali oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, pampu n'kuyamwa mpweya, ndipo pa 8000 rpm masekondi ochepa opanda oyilo akukwanira kudya ma bearing. Amalume anatsegula sampu n'kuwotchereramo timakoma ta chitsulo tokhala ndi tizitseko toti oyilo azilowa kwa pampu koma asamathawe msanga. Ndi ntchito yoti palibe adzaione ndi maso, ili pansi penipeni, kuseri kwa chitsulo china chotchinga miyala.

Tsopano keji, zitsulo zija zopingasa mkati. Apa ndi pomwe ndikufuna muwerenge modekha, makamaka anyamata omwe ndikuona mwayamba kuika mapaipi m'magalimoto anu kuti azioneka bho pa zithunzi.

Pali munthu wina wofuna kutithandiza anabweretsa mapaipi a madzi, a galata aja, akuti ndi olimba ndipo ngotchipa, bwanji tiziwononga ndalama. Amalume anadula kachidutswa kotalika ngati chala, anatiitana tonse, anakaloza ku dzuwa kuti tisuzumire mkati. Munali mzere woyenda kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, msoko, chifukwa paipi ya madzi ndi lata lopindidwa n'kuwotcherera. Anakaika pa vayisi, anamanga, anamanganso, kachidutswa kaja kanaphwatalala kenako tinamva kuti phwa, kang'ambika motsata msoko womwewo, m'mphepete muli mano akuthwa. "Ichi chikang'ambika chonchi pambali pa khosi la m'bale wanuyu, mudzati chani kwa amayi anu?" Palibe anayankha. Anawonjezanso kuti utsi wa galata powotcherera umadwalitsa wowotchererayo.

Lamulo limafuna paipi ya chitsulo yopanda msoko, yokokedwa yozizira, ndipo limatchula miyezo yake. Chitsulo chachikulu chozungulira kumbuyo kwa mitu yathu chikhale 45mm kunenepa ndi 2.5mm kuchindikala kwa khoma lake, kapena 50mm ndi 2.0mm. Zina zothandizira 38mm ndi 2.5mm kapena 40mm ndi 2.0mm. Pomwe keji ikuponda pansi pa galimoto pamayenera mbale ya chitsulo ya 3mm yosachepera masentimita 120 a sikweya, apo ayi galimoto ikagwa chagada mwendo wa keji umangoboola pansi n'kutulukira kunja. Popinda pamafunika makina enieni opindira, osati kudzaza mchenga m'paipi n'kutenthetsa ndi gasi, chifukwa pokhota pakachita makwinya pafooka ndipo oyendera magalimoto, ma scrutineer, amakubweza pa geti. Zopinda tinakachitira ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kukwera ndi M14, tinabwera nazo zopindapinda pa pikapu.

Kuwotcherera ndi kumene kunatidyera nthawi. Polumikiza paliponse moto uyenera kuzungulira paipi yonse, osati mbali yooneka yokha, nde vuto ndi pamwamba paja pomwe keji yagundana ndi denga, dzanja silikwana. Mnyamata wathu anachotsa windisikirini, anaboola pansi pa galimoto pomwe pali miyendo ya keji, keji yonse inatsikira m'mabowomo, mpata unapezeka pamwamba, anawotcherera bwinobwino mozungulira, kenako tinaikweza tonse n'kulowetsa mbale zija pansi pake. Ndinamuona atagona chagada pomwe panali mpando wakumbuyo, mutu wapanikizika pa chitsulo, thukuta likudontha m'chigoba cha kumaso, akuyang'ana kuseri kwa paipi ndi kagalasi ka njinga yamoto kuti aone ngati moto wakumana. Amene mumadziwa Salima ya Okutobala, ma digiri 35 ndi kupitirira, mukudziwa kuti mkati mwa galimoto yopanda mawindo pansi pa malata masana simungakhale munthu. Ankayamba mbandakucha, ikamakwana 9 koloko wasiya, kudzayambanso dzuwa likapendeka, magetsi akazima tidikire kapena tibwereke jenereta yaikulu. Malo awiri sanamusangalatse, anapala ndi girenda n'kuyambiranso popanda womuuza. Ine ndi amene ndidzakhale pansi pa zitsulo zimenezo, ndipo ndimamulemekeza mnyamata ameneyu kwambiri.

Mipando ndi malamba zili ndi zaka zake. Lamba wa mpikisano, wa nsonga 6, amakhala ndi kachikwangwani ka FIA kosonyeza chaka chomwe ntchito yake ikuthera, zaka 5 basi, olo akuoneka watsopano. Mipando yambiri yomwe anthu ngati ife tingakwanitse ndi chimodzimodzi. Pa intaneti padzaza malamba abodza olembedwa mayina a makampani otchuka, mtengo wake ndi umene umakuuza. Zathu tinagula zogwiritsidwapo kale ntchito kwa anthu a rally ku South Africa koma zaka zake zikadalipo. Tagulanso ka HANS, kachipangizo kokhala pamapewa komangirira ku helemeti kuti galimoto ikaima mwadzidzidzi mutu usapitirire wokha. Dale Earnhardt, dalaivala wa mpikisano wa ku America, anafa mu 2001 ku Daytona ndi kuthyoka kwa pansi pa chigaza komwe kachipangizoka kamateteza, Formula 1 inakakamiza mu 2003, ndipo WRC, mpikisano wa rally wa dziko lonse, mu 2005. Kenako zozimitsira moto, switchi yodula magetsi onse yoti munthu wakunja athe kukoka, pomwe pamamatidwa katirayango ka buluu ndi kamphezi kofiira, mbedza zokokera kutsogolo ndi kumbuyo zopakidwa utoto wowala, chikwangwani cha SOS ndi OK. Zonsezi kuphatikiza keji zikulemeretsa galimoto, keji yokha makilo 40 kapena kuposa, nde tinapala phula lonse la pansi pa kapeti, tinachotsa eyakoni, zokuzira mawu, chilichonse chosafunika kuti tibwezeko.

Mashoki ndi chinthu chomwe chatidya ndalama kuposa injini, ndipo sindikudandaula. Shoki wamba pa msewu wa mabampu oyilo wake amatentha, amachita thovu, mukayenda makilomita khumi mothamanga galimoto imayamba kunjanja, tayala silikhalanso pansi, ukaponda buleki palibe chogwira. Pa kabwalo ka mphindi ziwiri simungazione zimenezi. Pa siteji ya makilomita 20 ndi zimene zimakuponya mumtengo. Tapeza mashoki a rally okhala ndi timabotolo tapadera ta oyilo ndi gasi, akale koma okonzedwanso. Koma shoki yolimba imatumiza nkhonya yonse ku bodi, nde pamwamba pomwe imamangidwa tawonjezera mbale, ndipo misoko ya bodi, yomwe kufakitale amangodontheza timadontho, amalume anaibwereza yonse, kuwotcherera pang'ono kusiya mpata kuwotchereranso, ngati telala akubwereza msoko pa kabudula wa mwana wa sukulu. Malimu ndi a 15, matayala a rally a m'mbali molimba, awiri apadera m'buti omangidwa ndi malamba. Pansi pa injini pali aluminiyamu wochindikala, thanki ya petulo nayo yatchingidwa, mapaipi a mabuleki tawalowetsa mkati mwa galimoto kuti mwala usawadule.

Fumbi ndi kutentha ndiye tikuzidziwa bwino, tinakulira momwemo. Fyuluta zotseguka zija zooneka bwino, za kabowa, tazikana, fumbi la ufa limadutsa n'kukapala masilinda. Tasiya bokosi lotseka ndi fyuluta ya pepala yosintha pafupipafupi, pokokera mpweya takweza m'mwamba kuti pa zithaphwi isamwe madzi, chifukwa injini ikamwa madzi makonirodi amapindika nthawi yomweyo. Redieta taika yaikulu, kutsogolo kwake sefa ya waya yotchinga njere za udzu ndi timiyala, oyilo naye ali ndi karedieta kake. Petulo ndi nkhani ina, injiniyi kompuresheni yake ndi 11.5, imafuna petulo wabwino, wa m'zigubu wa pamsewu uja sitimuyandikira olo zitavuta bwanji, nde nthawi zomwe mafuta asowa m'dziko muno galimoto imangokhala pa majeki.

Za ndalama alamu ndi amene angalongosole bwino. Pafupifupi chilichonse chomwe ndatchulachi chimagulidwa ndi dola kapena randi, ndipo kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zida sinabwererenso. Timasonkha mwezi ndi mwezi, aliyense monga wapezera, alamu amalemba mu hadikava, ndipo lamulo lawo ndi lakuti cha chitetezo chigulidwe kaye, cha liwiro chidikire. Achimwene akayamba za ekizozi yatsopano iwo amangotsegula tsamba n'kuloza, "Bambo a mwana, zozimitsira moto sitinamalize kulipira." Pa chifukwa chimenechi mpaka lero tilibe LSD, dife yomwe imaletsa tayala lamkati kuzungulira pachabe potuluka pa kona, chinthu chomwe pa galimoto yokoka ndi kutsogolo chimapereka masekondi ambiri. Tipita popanda, tidzagula chaka china.

Amalume akaona kuti mitima yatsika amakonda kukamba za Joginder Singh, dalaivala wa ku Kenya. Safari Rally ya ku Kenya inayamba mu 1953, ndipo mu 1965 Joginder ndi mng'ono wake Jaswant anaipambana ndi Volvo PV544 yogula kwa ena, yoti inali itathamangapo kale, anaikonza okha, n'kugonjetsa magalimoto otumizidwa ndi mafakitale. Anadzapambananso mu 1974 ndi 1976 ndi Mitsubishi Lancer ya 1600cc. Amalume sanena kuti nafe tikapambana, iwo amati pa misewu ya kuno kwathu wokonza bwino ali ndi mwayi womwe sangaupeze pa tala wosalala wa ku Ulaya. Ine cholinga changa pa ulendo woyambawu ndi kuona dzina lathu pa mndandanda wa omaliza, olo pansi penipeni.

Mbali yanga nayo yakula. Kale ndinkangokhala ngati katundu wolemeretsa kumanzere, tsopano ndiyenera kulemba manotsi a kona iliyonse pa tsiku loyendera njira, kuwerenga pa intakomu galimoto ikudumpha, kusunga khadi ya nthawi. Pa malo olembetsera nthawi ukachedwa amakulanga masekondi 10 pa mphindi iliyonse, koma ukafulumira chilango ndi mphindi yathunthu pa mphindi iliyonse, nde navigeta wosokoneza masamu amataya zomwe dalaivala wavutikira tsiku lonse. Timayeserera Lamlungu masana ndi galimoto wamba, pang'onopang'ono, misewu ya fumbi ya cha ku Lifuwu, achimwene akutchula makona ine ndikulemba, pobwerera ine ndikuwerenga iwo akuona ngati zikugwirizana. Amakaniko nawo amayeserera, kuyala lona pansi pa mtengo wa mango, wotchi m'manja, kuchotsa shoki yakutsogolo ndi dirayivushafti n'kubwezera mphindi 20 zisanathe. Mabawuti onse ofunika apakidwa kadontho ka utoto kuti likamasuka diso lione msanga. Mapepala ndi ntchito inanso, nambala ya injini yatsopano iyenera kulowa mu blue book, kalata ya apolisi yotulutsira galimoto, inshulansi ya COMESA ya khadi yachikasu ya galimoto yokoka ngolo, laisensi ya mpikisano, zonse zikhale m'manja tisanafike pa boda ya Mchinji kulowera ku Chipata.

Kuyesa galimoto mothamanga sitichitira pa M5 kapena M14, ndipo amene mumachita zimenezo usiku chonde siyani, mumsewu umenewu mumayenda akabaza, ana, ngolo zopanda magetsi. Ife tinapempha mwini munda wina waukulu cha ku Khombedza, thonje litatha kukololedwa, muli msewu wake wamkati wa mchenga ndi mabampu. Tinakaonana ndi amfumu a mudzi woyandikana nawo, anyamata anaima kumapeto konse ndi mafoni ndi nsalu zofiira, mbuzi zinamangidwa, ana anakhala pa chulu patali ndi kona. Achimwene anapita n'kubwera mobwerezabwereza osazimitsa, dzuwa lili paliwombo, dala, kuti tione chotopa choyamba ndi chiti.

Madzi sanapitirire ma digiri 95, puresha ya oyilo sinagwe olo pa kona yaitali ya kumanzere yomwe amalume ankaiopa, nde timakoma ta mu sampu tikugwira ntchito. Mabuleki anayamba kufewa chakumapeto, tisintha fuluwidi tiike wopirira kutentha ndi mapadi ena. Fumbi likulowa pa chitseko cha buti mpaka ndimalephera kuona manotsi, labala yake isinthidwa ndipo padenga tiboola kapolowera mpweya. Chachikulu ndi chakuti titakweza galimoto madzulo, amalume anapeza mng'alu wopyapyala pomangira shoki yakumbuyo kumanja, pamalo pomwe sitinawonjezere mbale. Bimu yakumbuyo yatsitsidwa kale, mnyamata wathu wadula makatoni oyezera mbale za mbali zonse ziwiri, chitsulo cha 3mm chotsala ku keji chikwanira. Akamaliza tibwerera ku munda komweko kukayesanso ndi matayala awiri m'buti ndi thanki yodzaza, kulemera kwake kwenikweni kwa pa siteji.